Sipanala Yomwe Sinayesedwepo

Panali munthu wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene malemu bambo ake anamusiyira galimoto yakalekale. Nkhaniyi ndaimva kwa makaniko amene ankakonza galimotoyo.

Galimotoyo inkayenda bwinobwino, koma mwini wake mtima sunali m'malo. Ankafuna zida zomwe inabwera nazo kuchokera kufakitale: jeke, masipanala, pulayazi, pampu, chilichonse chokhala ndi chidindo cha kampani. Zaka zinayi zinatha akuzungulira m'magalaja ndi kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Ukamuonetsa chida, funso linali limodzi: "Ndi chenicheni?" Mapeto ake anzake anangomupatsa dzina loti Achenicheni.

Chomaliza kupezeka chinali sipanala yomasulira manati a matayala. Tsiku lomwelo anatsegula buti, n'kuchotsamo sipanala yamtanda yomwe inkakhala mmenemo, n'kuikoleka pamsomali m'galaja.

Makaniko ataona anapukusa mutu. "Abwana, bwezeranimo iyo. Bambo anu anasinthitsa manati onse, ndinamanga ndine ndi manja angawa. Yesani kaye yanuyo muone ngati ikugwira."

"Ndiyese kuti penti ikalike? Zaka makumi asanu sipanala imeneyi sinakhudzepo nati."

"Ndiye muziyenda nazo zonse ziwiri."

"Chitsulo cha pamsika chigone pamodzi ndi zenizeni? Mukufuna anthu andiseke?"

Mkazi wake, yemwe ankadwala mphumu, anali chiimire pakhomo akumva zonse. "Bambo a mwana, mverani amisiri. Zitsulozo mumazipukuta ngati makanda, koma ntchito yake simuidziwa."

Achenicheni anaseka, n'kutseka buti.

Lamlungu lina m'mawa ananyamuka awiriwo kukaona mwana wawo wamkazi amene ankakhala kutali. Anadzera msewu wachidule wafumbi, wopanda nyumba ngakhale imodzi. Fumbi linayamba kulowa m'galimoto ndipo mayi anayamba kubanika. Anapopera mankhwala kawiri, katatu, koma chifuwa sichinamasuke.

"Thamangitsani," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Lero sizili ngati masiku onse."

Chipatala chinali pamtunda woyenda theka la ola. Bamboyo anaponda moto, ndipo pakona ina tayala lakumbuyo linaphulika.

Anatsika n'kuyala thumba la zida pansi. Jeke inakweza galimoto popanda vuto, tayala lapadera linali ndi mpweya wokwanira. Anaveka sipanala ija pa nati. Inangozungulira yokha, inali yaikulu. Anayesa nati yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi. Anakulunga nati ndi mpango kuti igwire, mpango unang'ambika. Anaigwira ndi pulayazi mpaka zala zinatuluka magazi, nati osasuntha. Foni inalibe netiweki.

"Zatheka?" mayi anafunsa ali m'galimoto.

"Pang'ono chabe, mayi a mwana."

Ananama choncho katatu. Kachinayi mayi sanafunsenso.

Mantha atamugwira, bamboyo anatsitsa jeke kuti ayende ndi tayala lophwalo, koma linasupuka n'kukola kunsi, galimoto n'kuima nji. Patapita nthawi yaitali kunabwera lole ya mchenga. Dalaivala wake anatulutsa sipanala yadzimbiri, yowotcherera pakati, ndipo m'mphindi zisanu tayala linali litasinthidwa. Kenako dalaivalayo anasuzumira pawindo pomwe panali mayi aja n'kuvula chipewa.

Kuchipatala anangotsimikiza kuti mayiwo anali atamwalira kale. Mwana wawo atafika anagwira bambo ake manja otupa aja n'kufunsa kuti, "Adadi, tayala lokha? Inu amene muli ndi zida zonse zija?"

Phunziro: Chida chomwe simunachiyesepo musachidalire, ngakhale chikongole bwanji, ndipo mmisiri akakuchenjezani musamuyankhe ndi matama. Lero lomwe tsegulani buti muyese sipanala yanu pa nati. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene amanyamula banja lake pagalimoto, ena mwa iwo sanayesepo.