Zungulirani, Bwana

Panali munthu wina mumzinda waukulu amene anthu ankamutchula kuti a Tcheya, chifukwa anali wapampando wa komiti ya eni nyumba kumayadi. Kuseri kwa mpanda wa nyumba yawo kunali dera la anthu osauka, a mitundu ndi zilankhulo zosiyanasiyana, amene anabwera m'tauni kudzasaka maganyu. Pampandapo panali kageti. Kufunika kwa kagetika tikumvetse bwino: ndiko kanali njira yachidule yopita kuchipatala, ndipo wosadutsa pamenepo ankayenda mtunda wautali mpaka kukafika kugeti lalikulu la kumsewu.

A Tcheya anagula loko.

"Bambo ake, njira ya anthu satseka," akazi awo anawachenjeza.

"Angandichite chiyani amenewa? Moni weniweniyu samvana. Wina akapempha madzi, mnzake amabweretsa moto."

Tsiku lina masana, telala wa kuseriko anafika pakageti akukankha wilibala. Munali mkazi wake woyembekezera, matenda atayamba. A Tcheya anali chapomwepo, akuthirira maluwa.

"Bwana, chonde titsegulireni. Mayiwa zinthu sizili bwino."

"Zungulirani," anayankha a Tcheya, osatseka n'komwe mpopi.

Mayiyo anatsirizikira m'njira, pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba. Pamaliro telala sanalankhule zambiri. Aliyense womufunsa chimene chinachitika ankamuyankha ndi liwu limodzi lomwe lija. Apa pali mfundo yochititsa chidwi kwambiri: munthu amagwira msanga liwu limene lamupweteka kuposa limene waphunzitsidwa m'kalasi. Ngakhale amene sankatha kupereka moni m'chilankhulo cha a Tcheya, liwu ili analisunga. A Tcheya atamva kuti anthu akung'ung'udza, anachotsa kageti kaja, namangapo njerwa, pamwamba naikapo waya wamagetsi.

Patapita nyengo, mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza banja. Ukwati unakonzedwa pakapinga wa kunyumba kwawo komweko, ndipo bamboyo ndiye anayenera kumuyendetsa mwanayo n'kumupereka. M'mawa wa tsikulo anathamangira m'tauni kukatenga mphete. Pobwerera anapeza lole itagwa, itatseka msewu wonse. Anakhotera m'dera la osauka lija, poganiza kuti akatulukira kutsogolo. Mapu a pafoni anangoonetsa malo opanda kanthu, pakuti tinjira ta kumeneko palibe anavutikapo kutijambula.

Anatsitsa galasi n'kufunsa mayi wogulitsa tomato. Mayiyo anawayang'anitsitsa, namwetulira.

"Zungulirani, bwana," anatero ndi lilime la kwawo, akuloza kumanzere.

Wosoka nsapato analoza kumanja. "Zungulirani, bwana." Wokonza njinga, wometa tsitsi, ngakhale gogo amene ankangodziwothera dzuwa, yankho linali lomwelo, aliyense ndi katchulidwe kake. Anthu amene ena amapemphera Lachisanu, ena Loweruka, ena Lamlungu, tsiku limenelo anali mpingo umodzi. Njira yotulukira inalipo ndithu, ndipo onsewo ankaidziwa.

Foni inalira. Anali akazi awo. "Bambo ake, muli kuti kodi? Abusa atopa, mwana akungolira!"

Galimoto inatitimira mu ngalande. A Tcheya anatsika n'kuyamba kuthamanga wapansi, suti ili matope okhaokha, kutsata kumene kunkamveka nyimbo. Kanjira kanathera pakhoma. Anazindikira njerwa zawo zomwe, ndipo kuseri kwake kunkamveka kwaya ikuimbira mwana wawo. Pakhonde loyang'anizana ndi khomalo panali telala uja, akupalasa makina ake.

"Achimwene, ndithandizeni. Ndidutse pati?"

"Lero ndakhala achimwene?" Telala sanadzutse mutu. "Suti yabwino, bwana. Msoko wake ngwowongoka."

"Chonde, mwana wanga akukwatiwa kuseri kwa khomali!"

Makina anaima. Telala anadula ulusi ndi mano, nawayang'ana m'maso.

"Wanganso bwenzi pano akuyenda, akugwira miyendo ya tebulo ili. Zungulirani."

A Tcheya anafika kwawo anthu akupakira mipando. Mkwatibwi anali ataperekedwa ndi bambo ake aang'ono, atavala mphete yobwereka. Ataona a Tcheya, anangotembenuka n'kulowa m'galimoto ya mwamuna wake. Pazithunzi zonse za ukwatiwo a Tcheya palibe, ndipo akuti mpaka lero akamadutsa, ana a kuseriko amazungulitsa chala m'mwamba.

Phunziro: Mzinda ndi wa onse okhalamo, wolemera ndi wosauka, wobadwira ndi wobwera. Musamaganize kuti anthu osiyana zilankhulo sangamvane, chifukwa misozi sifuna womasulira. Khoma limene mukumangira mnzanu lili ndi mbali ziwiri, ndipo simudziwa mbali imene mudzaime mawa. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka amene ali ndi makiyi a mageti.