Manambala Otsatizana

"Imani pakhomo pomwepo, mayi, matope anuwo asafike kuno," anatero Gideoni osacheuka n'komwe.

Gideoni, kalaliki wa makompyuta pa esiteti ya tiyi, anali pa mpikisano wa pa intaneti wolemba mapulogalamu. Opambana ankayenera kukayesedwa ntchito ku Blantyre, ndipo iye anali atatopa kukhala pakati pa anthu osadziwa ndi A yemwe. Funso lomaliza linkafuna pulogalamu yondandalika manambala kuyambira 1 mpaka 1,000 kuti otsatizana, monga 7 ndi 8, asayandikane. Iye ankalamula kompyuta kuti iyese mindandanda yonse, koma inkangouma osapereka yankho.

A Emma, kapitawo wa othyola tiyi, anali atabweretsa mayina a antchito, ndipo anamumva akung'ung'udza funsolo.

"Achimwene, mukuyeseranji zonsezo? Kumundaku antchito a manambala otsatizana analembedwa ntchito tsiku limodzi, ndiye amangocheza osathyola. Ine ndimayamba kuimika 2, 4, 6, akatha ndibwerere kwa 1, 3, 5."

Gideoni anaseka mpaka misozi. "Izi ndi za ku yunivesite, mayi, si za madengu."

A Emma anasiya pepala lawo pakhomo n'kumapita.

Gideoni analimbana nalo funsolo ola lathunthu. Atasowa pogwira, anasuzumira panja ngati pali womuona, n'kulemba timizere tinayi ta njira ya a Emma. Yankho linali lolondola, koma mpikisano unali utatsekedwa mphindi zitatu zapitazo.

"Anthu a kuno!" anatsonya Gideoni. "Satha ndi kufotokoza komwe."