Botolo la Aphunzitsi

Aphunzitsi anawasiyiranso chikwama, monga mwa mwezi uliwonse.

"Mundigwirireko, a Sitampa. M'makinamo salola zitsulo."

Analowa m'chipinda chojambulira ubongo, ndodo ikugogoda pansi. A Sitampa anaika chikwamacho pamiyendo, koma lero sanachitsegule. Munalibenso chosintha, kafukufuku anali atatha. Anatembenuka n'kuwakonzera akazi awo mpango umene unkatsetsereka pampando wamatayala. Mayiwo anawathokoza mwaulemu, ngati munthu amene wakupatsa malo m'basi.

Dzina la Sitampa analitenga ku positi ofesi, kumene anagwira ntchito zaka makumi atatu osatsegulapo kalata ya munthu. Chikhadabo chawo chinkamatula sitampa yomatidwa mokhota osaing'amba, ndipo ankachinyadira kuposa satifiketi.

Akazi awo atayamba kuiwala, poyamba makiyi, kenako maina a ana, dokotala wa kafukufuku anawakhazika pansi. Anati mu ubongo muli timaselo tolondera. Tikapsa mtima timayatsa moto m'nyumba yomwe tikulonderayo, ubongo n'kutupa. Panali mankhwala akale opha mabakiteriya, omwe ena amamwera ziphuphu, ndipo ofufuza ankafuna kuona ngati angawaziziritse mtima alondawo. Theka la odwala limwa mankhwala enieni, theka lina makapisozi a ufa wamba. Mabotolo onse anali ofanana, kusiyana nambala yokha. Ngakhale dokotalayo sankadziwa za yani n'ziti. Yankho linali mu envelopu yomata, yodikira kuti chaka chithe.

Mwezi woyamba mayiwo anangokhalira kudandaula chizungulire, chakudya osachifuna. Pabenchi yomweyo pankakhala aphunzitsi, bambo wopuma ntchito amene ankabwera yekha. Iwo anafika atapesa bwino, akuwerenga nyuzipepala mokweza n'kumakonza galamala ya anamwino. A Sitampa sanafunenso envelopu. Wa mankhwala ankaoneka, wa ufa nayenso ankaoneka.

Tsiku lolandira botolo lachiwiri aphunzitsi anawasiyira chikwama, botolo latsopano lili pamwamba penipeni. Chikhadabo chija sichinaiwale ntchito. Kapepala ka nambala kanamatuka bwinobwino, kenako ka pabotolo la akazi awo, n'kusinthana malo. Botolo la aphunzitsi linapita kwa mayi, la mayi n'kulowa m'chikwama. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anadziuza motero. Anachitanso mwezi wotsatira, ndi winawo, mpaka kakhumi ndi kamodzi.

Chizungulire cha mayi chinatha sabata yomweyo, ndipo a Sitampa anagwada m'khitchini kuthokoza Mulungu amene anali atangomulakwira. Aphunzitsi ndiwo anayamba kuyendera ndodo, ati akaimirira dziko limawazungulira. A Sitampa ankati akamva kugogoda kwa ndodoyo mtima unkawalasa. Komabe bamboyo sanawaiwalepo dzina, ndipo iwo ankadzitonthoza kuti mitu ya aphunzitsi ndi yolimba, ngakhale ufa umaikwanira.

Akazi awo ndiwo ankangopita. Mwezi wachisanu anawatchula komaliza kuti "bambo a ana", akuwachotsa ulusi pamalaya. Mwezi wachisanu ndi chiwiri anawafunsa ngati amuna awo abwera kudzawatenga. A Sitampa analira m'bafa, mpopi atautsegula kuti asamveke. Kapisozi sanadumphitsepo ndi tsiku limodzi lomwe. Chimene chinkawasunga n'chimodzi chokha: mankhwala enieni anawapezera, ngakhale mwakuba. Ngati akanika, ndiye kuti palibe chimene munthu akanachita.

Namwino anaitana nambala ya mayi. A Sitampa anakankha mpando kulowa kwa dokotala, chikwama chili m'khwapa. Anali atatsimikiza mtima kuti aulula. Aphunzitsi anayenera kupatsidwa chaka chimene anawabera.

Dokotala anali ndi envelopu yotsegula patebulo.

"Bambo, mankhwalawa sachiza," anatero mofatsa. "Koma ambiri amene anamwa enieni, zithunzi zikuonetsa kuti kutupa kwachepa. Matenda awayenda pang'onopang'ono. Ena akanali kuzindikira abale awo."

"Adokotala, ndili ndi mawu."

"Ndikudziwa, mukufuna kumva za amayi." Anayendetsa chala pamndandanda n'kuima. "Nambala yawo inali ya mankhwala enieni kuyambira tsiku loyamba. Chizungulire chija chinali cha mankhwalawo. Chimene chatisokoneza mitu n'chakuti alonda a mu ubongo wawo sanazizire mtima ndi pang'ono pomwe, ngati kuti chaka chonse ankamwa ufa."

Panja ndodo inagogoda, aphunzitsi akufunsa anamwino kuti a Sitampa alowera kuti ndi chikwama chawo.