Babu la Zaka Khumi

"Alamu, munati babuli likhala zaka khumi. Lapsa patangotha masabata atatu, kuwala kwakenso ngati kandulo!" Betty analiika pakauntala m'golosale ya a Lackson pa Makwasa.

Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti anzake asanu othyola nawo tiyi anagula mababuwo atamva kwa iye. Tsopano kumunda ankamutcha wabodza.

"Vuto ndi magetsi a kukomboni kwanuko," anayankha a Lackson. "Werengani pakatoni, babu la LED silipsa msanga."

Apa mkazi wawo, mng'ono wake wa Betty, anasuzumira pakhomo lakuseri.

"Bambo a Mwai, ku Limbe mukagule babu lenileni la kukhitchini. Pajatu munati ogulitsawa asamalowe m'nyumba mwathu."

Kenaka anaona Betty, n'kugwira pakamwa.