Wotchi Imene Inagwera Kuseri kwa Kabati

Panali bambo wina wokonza mawotchi, munthu wokonda kupemphera. Kutchalitchi ndiye ankatsogolera gulu la mapemphero, ndipo akatsegula pakamwa ngakhale osinza kumbuyo ankadzidzimuka. Mushopu ankagwira ntchito ndi mwana wake woyamba, mnyamata wamkulu kale wa ndevu zake.

Mushopumo munali lamulo: wotchi ya kasitomala aliyense aimangirire kapepala ka dzina, n'kuikoloweka pamsomali wake pamwamba pa kabati. Tsiku lina kasitomala anabwera kudzatenga yake. Msomali ulipo, wotchi palibe. Anafufuza paliponse, osaipeza. Bambo uja anapsa mtima, n'kuloza mwana wake chala pamaso pa kasitomala.

"Makiyi a shopu ino tili nawo awiri. Ine sindinabe. M'nyumba mwanga simugona wakuba!"

Mnyamatayo analumbira mpaka misozi, koma bambo ake sanafune kumva. Tsiku lomwelo ananyamula kachikwama kake n'kuchoka. Bamboyo anapatsa kasitomala uja wotchi ina, nkhani n'kuoneka ngati yatha.

Patatha miyezi iwiri, bamboyo ndi mkazi wake anasuntha kabati kuti apente khoma. Kuseri kwake, m'fumbi, munali wotchi ija, kapepala kake kali pomwepo.

Mkaziyo anagwira pakamwa. "Bambo, Mulungu watiululira. Mwana uja sanabe. Pitani mukamupepese."

"Ine ndikagwadire mwana wobereka ndekha? Anthu akamva ati chiyani? Ndimupempherera, abwera yekha."

Anaitenga wotchiyo n'kuibisa m'kachitini ka timisomali.

Kupemphera ndiye anapempheradi, abale. Anasala kudya masiku atatu, kenako asanu ndi awiri, mpaka lamba anamuboola mabowo ena. Koma nthawi iliyonse akagwada, mumtima ankamva mawu amodzimodzi: tenga wotchi ija, pita kwa mwana wako. Iye m'malo monyamuka ankangokweza mawu, ngati kuti phokoso lingamugonthetse Mulungu.

Mkazi wake ndimamutayira kamtengo. Sanamuyalutse kwa anthu, sanamunyoze, komanso sanatope. Akamaliza kusala, ankamuikira madzi patebulo n'kufunsa mofatsa kuti, "Mwasala bwino, bambo. Nanga zija anakuuzani Mulungu mwachita?"

Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana uja anakhala makaniko, anakwatira, anabereka mtsikana. Bambo ake zonsezi ankangomvera kwa anthu.

Lamulungu lina, mayi wina anabwera ku gulu la mapemphero akulira kuti amupempherere, poti mwana wake anathawa pakhomo. Bambo uja anaimirira monga mwa masiku onse, anatseka maso, anatsegula pakamwa. Mawu osatuluka. Anayesanso, lilime gwa. Gulu lonse linali chete kudikira, iye thukuta kamukamu. Mapeto ake anakhala pansi, wina n'kumalizitsa pempherolo.

Atafika kunyumba mkazi wake anamuuza kuti, "Mwana wanu wapeza ntchito kutali. Akusamuka Lachisanu ndi banja lake. Mukamulekerera ulendo uno, mwina simudzamuonanso."

M'mawa mwake bamboyo sanatsegule shopu. Anatulutsa wotchi ija m'chitini n'kulunjika kugalaja. Anapeza mwana wake ali chagada pansi pa galimoto, kukuoneka miyendo yokha. Munthu wa imvi, mtsogoleri wa mapemphero, anagwada pansi pothimbirira ndi oyilo, amakaniko onse akuona.

"Mwana wanga, tuluka undione."

Makaniko uja anatuluka, n'kuima chilili.

"Wotchi ija ndi iyi. Sunabe. Ndinaipeza kalekale kuseri kwa kabati, ndinaibisa chifukwa cha manyazi. Ndinakulakwira iwe, ndinalakwira Mulungu. Undikhululukire."

Mwanayo anapukuta manja ndi kansanza.

"Ndikudziwa, bambo. Amayi anandiuza sabata yomweyo. Zaka zonsezi ndimangodikira kuti mubwere mudzanene ndi pakamwa panu."

Bamboyo analira ngati mwana. Kenako mwana wake, yemwe analumbira kuti sadzapondanso kutchalitchi, anagwada pomwepo n'kunena kuti, "Ndipemphererenitu."

Pemphero la bamboyo linali lalifupi kuposa onse amene anapempherapo. "Ambuye, ndamvera mochedwa. Tichitireni chifundo." Basi. Panalibe kukuwa, koma amene analipo amati makaniko wina wodziwika ndi kutukwana anazimitsa injini n'kupita kuseri kukapukuta misozi. Madzulo ake makaniko wotukwanayo anaimbira foni mchimwene wake amene sankalankhulana naye.

Ine bambo ameneyu ndimamulemekeza. Ambirife tikanafa nayo wotchiyo ili m'chitini.

Koma kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Ulendo wa Lachisanu sunasinthe. Tsiku limenelo bamboyo anapita kwa mwana wake n'kunyamula mdzukulu wake koyamba, ali kale ndi zaka zinayi. Kamtsikanako kanamuyang'anitsitsa, kenako kanatembenukira kwa bambo ake.

"Agogo amenewa anali kuti masiku onsewa?"



Phunziro: Mphamvu ya Mkhristu sichokera m'kukweza mawu kapena m'kuchuluka kwa masiku osala kudya. Imabwera pamene wachita chimene Mulungu wakuuza, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Ngati pali chinthu chimene chimakubwererani mumtima nthawi iliyonse mukagwada, dzukani mukachichite lero, masiku otayika sabwerera. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, mwina pali wina amene mwana wake akudikirabe.