Njinga Yodziwa Njira

Chikhazikitsireni lamulo loti njinga iliyonse izikhala ndi kamakina kosankha njira yopanda ngozi, a Lufeyo anayamba kuchedwa akapita kuchigayo. Munthu ukati upatukire kwina, kamakinako kankangomanga mabuleki.

"Bambo a Tiyese, chigayo chili pomwepa, nanga mumazunguliranji kudambo?" anafunsa Najere, mkazi wawo.

"Funsani makinawo, mayi. Akuti kumsewu waukulu kwachuluka malole."

Koma Najere mtima sunakhale pansi. Malole ake ati, poti mlatho wa pamsewupo unakokoloka chaka chatha?

Loweruka, a Lufeyo atagona ndi malungo, Najere anamanga thumba la chimanga pakaliyala n'kupalasa yekha.

"Khoterani kumanzere," kanatero kamakina. "Njira yomwe njinga yaizolowera ndiyo yochepa ngozi."

Anamvera, nadutsa dambo lonse, mpaka njinga inaima yokha pakhomo la nyumba ina yamalata n'kuliza belu kawiri.

Chitseko chinatseguka msangamsanga. Munatuluka mayi wina akumwetulira, atanyamula beseni la madzi ofunda, kumapazi atavala masilipasi aja a Lufeyo ankati anasowa kumaliro.

"Mwafika bwino," kanatero kamakina. "Kuno kulibe ngozi."