Nyumba ya Pakhoma la Kalasi

Pa tsiku la makolo, a Katswiri analowa m'kalasi ya mwana wawo wamkazi manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti panalibe nkhani pansi pano imene iwo sankaidziwa.

Pakhoma panali patapachikidwa ntchito imene ana anachitira kunyumba. Aliyense anapatsidwa tizidutswa ta katoni, ta makona atatu, ta makona anayi ndi tozungulira, kuti amate papepala n'kupanga chithunzi.

"Taonani ichi," anauza akazi awo, mawu ali pamwamba. "Ati galimoto, koma matayala ali padenga! Nanga ichi, ndi nkhuku kapena ketulo? Ana enawa mitu anangoisenzera kumeta basi."

"Chepetsani mawu, bambo ake," anatero akazi awo uku akuwatsina pamkono. "Eni ake ali pompano."

"Amve! Nzeru sagula pagolosale, mayi ake. Zimayenda m'magazi."

Makolo ena anawayang'ana cham'mbali n'kufwenthera. A Katswiri analibe nazo ntchito. Anakaima pa chithunzi cha nyumba chimene chinali ndi dzina la mwana wawo, chifuwa chili patsogolo, n'kumasuntha pang'ono kuti aliyense wodutsa achione bwino.

Posakhalitsa aphunzitsi anawakodola kuti akalankhule nawo pambali. A Katswiri anakonza tayi. Mumtima anati mphotho yafika.

"Bambo, mwana wanu m'kalasi muno ndi patali," anayamba aphunzitsiwo. "Tizidutswa iti amatitembenuza m'mutu asanatigwire n'komwe. Amathandiza ndi anzake omwe."

"Magazi amenewo," anatero a Katswiri.

"N'chifukwa chake nyumba iyi yatidetsa nkhawa. Denga laphonya khoma, chitseko chikulendewera m'malere, tizidutswa tiwiri tasowa polowa. Wa zaka zitatu amachita bwino kuposa apa. Ngati wabwerera m'mbuyo chonchi, a hedi akuti akayezedwe maso, mwinanso abwereze kalasi. Kodi kunyumba kuli chimene chikumusokoneza?"

A Katswiri anagwiragwira tayi. Akazi awo ndiwo anayankha, mokweza bwino kuti kalasi yonse imve.

"Chilipo, aphunzitsi, ndi ichi chavala tayichi. Mwana anamulanda katoni yense, ati angawononge. Nyumbayi anamata okha Loweruka lonse lathunthu."